Mankhwala a m'Nyuzipepala

Mtolankhani wina wa nyuzipepala anaimba foni Lachiwiri masana, Ambili ali pakalikiliki kusintha madzi odyetsera maselo. Anavula golovesi imodzi, n'kupanira foni pakati pa khutu ndi phewa, maso ali pa timbale take tagalasi.

Kufotokoza kokha anafotokoza bwino, pamenepo palibe angamunamizire. Anati kwa zaka zisanu, mu labotale ya a Pulofesa Eapen ku Thiruvananthapuram, wakhala akupanga timatumba ting'onoting'ono, toti mazana asanu mutatindandalika sitingafike kunenepa kwa tsitsi limodzi. M'katumba kalikonse amatsekeramo puloteni yomwe ikalowa mu selo imaliuza kuti lidziphe. Puloteniyo payokha sichedwa kuonongeka m'magazi, ndiye katumbako ndi kamene kamaiteteza pa ulendo. Luso lonse linali pakamwa pa katumbako. M'magazi abwinobwino kamakhala kotseka, koma kakafika pa chotupa cha khansa, pamene pamakhala powawasa pang'ono chifukwa cha asidi, kamamasuka kokha n'kukhuthula katundu wake pomwepo.

"Ndiye kuti zikugwira ntchito?" anafunsa mtolankhaniyo.

"M'mbale zikugwira. Pa maselo khumi a khansa ya m'mawere, asanu ndi atatu akumafa, abwinowo osakhudzidwa kwenikweni."

"M'mbale?"

"M'timbale tagalasi. Pa mbewa tangoyamba kumene. Pa munthu ndiye ayi, kukadali kutali."

"Chabwino. Kwanu n'kuti, adokotala? Bambo anu amagwira ntchito yanji?"

Lachisanu nyuzipepala inatuluka ndi chithunzi chake atavala khoti loyera, pamwamba pake pali mutu wa zilembo zonenepa: MWANA WA KONDAKITALA WAPEZA MANKHWALA OSAKA KHANSA. Mawu oti "m'mbale" anali m'ndime yachisanu ndi chiwiri. Mbewa sanazitchule n'komwe.

Bambo ake, a Raveendran, anagwira ukondakitala m'mabasi a boma zaka makumi atatu, ndipo mayi a Ambili atamwalira anamulera okha. Anaimba foni m'mawa womwewo. Iwo ankamuitana kuti mole, kutanthauza mwana wamkazi, iye n'kumawaitana kuti Acha, kutanthauza bambo.

"Mole, ndagula manyuzipepala khumi. Wogulitsa uja wandiwonjezera ina yaulere."

"Acha, nkhaniyo aikometsera. Sizili choncho kwenikweni."

"Iwe nthawi zonse kudzichepetsa, ngati mayi ako. Dikira, azakhali ako akufuna akulankhule."

Azakhali akewo, a Sarasamma, ndi amene pa ukwati uliwonse ankamugwira pachigongono n'kumufunsa pagulu kuti, "Zaka makumi atatu ndi chimodzi, ukadali pasukulu? Kodi mayesowo ukumalephera?" Tsiku limenelo mawu awo anali uchi wokhawokha. "Ine ndinkadziwa kale, mole. Ndinkawauza anthu kuti mwana uyu musamuone kufatsa."

Ambili anamva kukoma. Ichi ndi chimene pambuyo pake sankafuna kuchikumbukira. Akanakonda akanati anasokonezeka, kapena ntchito inamuchulukira, koma zoona zake anamva kukoma, kuyambira pakhosi mpaka m'mimba.

A Pulofesa Eapen anawerenga nkhaniyo ataima pakhomo la labotale, magalasi ali pamphumi. Anaseka pang'ono, kenako anasiya kuseka.

"Alembere kalata akonze. Anthu odwala amawerenga nyuzipepala kuposa ife."

"Ndilemba lero lomwe, a Pulofesa."

Kalatayo analemba ndithu, mizere isanu ndi umodzi yaulemu. Anaisunga mu kompyuta kuti aiwerengenso mawa. Mawa lake anati aiwerenganso mkuja.

Patatha sabata ziwiri, Lachitatu, zotsatira za mbewa zinatuluka. Timatumba tija anali atatipaka utoto wowala kuti aone kumene tipite tikabayidwa mumtsempha wa kumchira. Mbewa yoyamba anaigoneka ndi mankhwala, n'kuiika m'bokosi lamdima lokhala ndi kamera. Pa kompyuta panaoneka thupi lotuwa la mbewayo, chiwindi chake chili ngwee ngati sitolo yogulitsa golide. Kapamba nayenso ankawala. Koma chotupa chomwe anachidzala pantchafu chinali ndi kakuwala kongoti mbuu, koti uchite kutsinzinira kuti ukaone. Mbewa yachiwiri chimodzimodzi. Zonse khumi ndi ziwiri chimodzimodzi.

"Chiwindi chikutola timatumbati ngati zinyalala, pa chotupa pakungofika nyenyeswa," anatero a Pulofesa, akukanda chibwano. "Tisintha chikutiro chake chakunja, tiyambirenso. Zaka zitatu, zinayi, ndiye tione ngati tingayerekeze n'komwe kuganiza za munthu. Usagwe nkhope, ntchito yathu ndi imeneyi. Kalata ija anaisindikiza?"

"Sanayankhebe," anatero Ambili, akupukuta tebulo lomwe linali loyera kale.

Lamlungu lotsatira komiti ya laibulale ya kumudzi kwawo, kufupi ndi Kottarakkara, inakonza mwambo womulemekeza. Atangotsika basi anakumana ndi nkhope yake yomwe, yaikulu ngati chitseko, pa chinsalu chomangidwa pakati pa mitengo iwiri ya kokonati. Mvula inali itachinyowetsa, tsaya limodzi litakwinyika.

Anamukhazika pa nsanja n'kumufunditsa nsalu yaulemu ya m'mbali mwagolide. Wapampando wa komiti analankhula mphindi makumi anayi. Anati a kunja ndi makina awo onse alephera, koma mwana amene ankawerengera m'laibulale yomwe ino, denga likudontha, wawaposa. Bambo ake anali pa mzere woyamba atavala malaya atsopano, mizere yopindira ikuonekabe, akugwedezera mutu mawu alionse.

M'chikwama cha Ambili munali kapepala komwe analembapo m'basi zoti anene: kuti ntchitoyi ikadali pa mbewa, ndipo pa mbewapo yavuta. Atapatsidwa maikolofoni anayang'ana bambo ake, anayang'ana azakhali ake omwe ankadzipepesa ndi pologalamu ya mwambowo ngati mwana ndi wawo. Anathokoza aphunzitsi ake a ku pulaimale. Anathokoza komiti. Kapepala kanakhala m'chikwama.

Kumbuyo bambo wina anakweza dzanja. Anali a Divakaran, oyendetsa kagalimoto ka matayala atatu pa siteji ya basi, amuna awo a Sulochana atelala.

"Mole, ife osaphunzirafe tingofunsa chimodzi basi. Mankhwalawa afika liti m'chipatala?"

Nthawi yonenera zoona inalipo, yokwanira bwinobwino, ndipo Ambili anaimva ikudutsa.

"Posachedwa, Chetta," anatero Ambili, akuwaitana ndi mawu aulemu otanthauza achimwene. "Tatsala pang'ono."

Anthu anaomba m'manja mpaka akhwangwala anabalalika padenga. A Divakaran anagwedeza mutu kangapo, n'kukhala pansi ngati munthu amene watula mtolo wolemera. Ambili anabwerera mumzinda ndi nsalu yaulemu ndi mkoko wa nthochi womwe anagawira labotale yonse. Akale sananame, chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Patapita sabata zisanu ndi ziwiri anabwereranso kumudzi pa tchuthi cha Onam, chikondwerero cha zokolola. Anali atagula sari yatsopano, nsalu yaitali yovala amayi, ndiye Loweruka m'mawa anatenga kansalu ka bulauzi yake kupita nako kwa a Sulochana. Mayi amenewa ndi amene anamusokera yunifolomu yoyamba, ndi ina iliyonse mpaka kumaliza sekondale. Mudzi wonse unkangowatchula kuti Chechi, kutanthauza achemwali, ngati onse anabadwa pambuyo pawo m'nyumba imodzi.

"Taonani! Dokotala wamkulu wakumbukira telala wa kumudzi," anafuula a Sulochana ali pakhonde. "Lowa, lowa. Ine ndimati masiku ano ukuvala za m'masitolo a magalasi."

"Amene aja sawadziwa mapewa anga, Chechi."

"Mapewa ako ndi a bambo ako, lina kumwamba lina pansi. Taima apa. Kweza manja."

Anatenga tepi yoyezera. Ambili anaona kuti aonda, komanso kuti tepiyo akuizunguza ndi dzanja lamanzere, lamanja litamatirira m'nthiti. Pakhoma, pamwamba pa makina osokera, pakati pa kalendala ndi chithunzi cha mulungu wamkazi, panali nkhani ija ya m'nyuzipepala, yodulidwa mowongoka ndi sizasi ya telala.

"Dzanjalo latani, Chechi?"

"Aa, si dzanja ayi." Anatsitsa mawu, n'kukhudza bere lakumanja ndi msonga za zala. "Ndi kuno. Ndinamva kambulu mu Juni. Kuchipatala chachikulu anatapako kanyama kukayeza, akuti ndi matenda ako aja. Anandipatsa tsiku la opaleshoni, pa 20 Julayi. Ndiye achimwene ako anabwera kuchokera ku mwambo uja akuseka okha ngati amwa, akuti, 'Sulu, sakudula. Mwana wa a Raveendran wanena yekha, atsala pang'ono.' Ine mpeni ndimauopa, ndisaname. Ndiye tinangoti tidikire. Makumi atatu ndi zinayi. Usapume mwamphamvu, undisokoneza."

Analemba nambalayo m'kabuku.

"Ndiye poti wabwera wekha, ndisavutike kukusaka. Akayamba kupereka, dzina langa ulilembe koyambirira. Sindikupempha zaulere ayi, ndikungoti koyambirira."

Tepi inali ikadali m'chifuwa mwa Ambili. Kenako anamva mawu ake omwe akutuluka, aang'ono ngati a munthu wina.

"Ndikafunsa, Chechi."

"Ndimadziwa ine. Bulauzi ubwere udzatenge Lachiwiri, dzanjali likundichedwetsa masiku ano."

Anatsika pakhonde osakumbuka kutsanzika. Anadutsa m'munda wa mitengo ya labala mpaka pa kamlatho, n'kukhala pa khoma lake lonyowa. M'mudzi monsemo palibe amene ankadziwa kuposa iye zomwe maselo amenewo amachita ukawasiya. Mu labotale ankachita kuwagawira m'timbale tatsopano masiku atatu alionse chifukwa chodzaza. Anadziuza kuti m'thupi la munthu sathamanga choncho. Zinali zoona, koma sizinamuthandize. Mayi wina wodutsa ndi mbuzi anamuzindikira n'kumupatsa moni wa manja awiri. Ambili anayang'ana m'madzi.

Kunyumba anapeza bambo ake akudula masamba a nthochi odyerapo phwando la mawa lake.

"Acha, mankhwala kulibe."

"Kulibe bwanji? Atha?"

"Sanakhaleko n'kale lomwe."

Anawafotokozera zonse ataima pomwepo: za mbale, za chiwindi cha mbewa, za kalata yosatumiza, za a Sulochana ndi tsiku lawo la opaleshoni lomwe linadutsa. A Raveendran anapitiriza kupukuta tsamba limodzimodzilo, kutsogolo ndi kumbuyo.

"Anthu akudziwa?"

Limenelo ndiye linali funso lawo loyamba. Atangolifunsa anayang'ana kumbali, makutu atafiira.

"Palibe akudziwa."

"Chabwino. Tichite chonchi, mole. Ukawauze kuti mankhwala ako amagwira bwino munthu akayamba wachitidwa opaleshoni. Mawa lomwe athamangira kuchipatala. Sulochana apulumuka, ifenso nkhope zathu zipulumuka. Waluza ndani pamenepo?"

Nzeruyo inali yabwino, ndipo kwa kamphindi Ambili anaivomera mumtima. Anamva mpaka mapewa akumasuka. Kenako analingalira zimene zimabwera opaleshoni ikatha.

"Bala likapola adzawalembera mankhwala a m'diripi, Acha. Miyezi isanu, tsitsi kuthothoka, kusanza. Adzakana. Adzati akudikira anga."

"Ndinatumiza nyuzipepala ina kwa amalume ako ku Dubai," anatero bambowo chapansipansi. "Ina ndinakasiya ku depoti, anaimata pa bolodi la makondakitala."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndikawauza chiyani?"

Ambili anatenga kompyuta yake n'kubwerera njira yomweyo kwa a Sulochana.

Anapeza a Divakaran atabwera kudzadya, ali pansi ndi mbale ya chinangwa ndi nsomba ya tsabola. Anamulandira ndi chimwemwe, akufuna kumukokera mpando ndi dzanja loyera. Ambili anakana mpandowo. Anagwada pa simenti, n'kutsegula kompyutayo, n'kuitembenuzira kwa iwo.

"Iyi ndi mbewa. Apa powala kwambiri ndi chiwindi, mankhwala anga onse akuthera pamenepa. Ichi chakudachi ndi chotupa, ndipo sakufikapo. Sanabayidwepo munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo sangabayidwe. Mwina zaka khumi, mwinanso osatheka n'komwe. Chechi, Lolemba mupite kuchipatala. Musadikire ine, palibe chimene ndili nacho."

A Divakaran anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chinangwa chili m'manja.

"Mbewa?"

"Mbewa, Chetta."

"Iwe unaima pa nsanja utafunda nsalu. Ine ndinakufunsa pamaso pa anthu onse aja. Ndinakufunsa za mbewa ine?"

"Ayi."

"Unati chiyani?"

"Ndinati tatsala pang'ono."

"Unati tatsala pang'ono!" Anaponya chinangwa chija m'mbale, msuzi n'kuthovukira pa malaya. "Ndinkakunyamula kupita nawe kusukulu uli ndi mamina, iwe! Adokotala anaimba foni kawiri, kawiri konse, kufunsa kuti bwanji sitinabwere. Ine ndinawayankha kuti tapeza njira ina. Ndinamuletsa mkazi wanga ndi pakamwa pangapa. Anakonza kale chikwama, ine n'kumuuza kuti masula. Wandisandutsa chiyani iwe? Tandiuza, wandisandutsa chiyani?"

Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, dzanja losasamba ali nalo m'mwamba. Kunamveka madzi akutuluka pa mpopi, osatsekedwa.

A Sulochana nthawi yonseyi anali pa mpando wa makina. Anawerama pang'ono kuti aone bwino mbewayo.

"Chithunzichi unachiona liti, mole?"

Ambili akanatha kunena kuti sabata yatha. Palibe akanadziwa.

"Masiku anayi mwambo uja usanachitike."

A Sulochana anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerengetsera mulingo wa nsalu. Anatenga kansalu ka bulauzi kaja, anakapinda kanayi ndi dzanja limodzi, n'kukaika pamwamba pa kompyutayo.

"Ukasoketse kwina. Dzanja langa likuwawa."

Mawa lake kunali masewera a Onam pabwalo la laibulale, zimkuzamawu zili pamitengo. Ambili anapita kwa wapampando kukapempha maikolofoni. Wapampandoyo atamva nkhani yake anayamba kutuluka thukuta.

"Lero ndi tsiku lachisangalalo, mole. Bwanji tidzaitanitse msonkhano wa komiti?"

"Mphindi ziwiri zokha."

Anamupatsa pakati pa mpikisano wokokana chingwe ndi wa amayi wothamanga ndi ndimu pa supuni. Ananena mwachidule, mawu ake akubwerera kuchokera ku khoma la sukulu. Anati nyuzipepala inakometsera ndipo iye sanaikonze. Anati pa nsanja paja ananama. Anati aliyense amene ali ndi chotupa, kapena m'bale wake, apite kuchipatala, asadikire mankhwala omwe kulibe. Dzina la a Sulochana sanalitchule.

Ankayembekeza kuti mwina amukuwiza. Koma theka la anthu linali kalikiliki kukangana za chingwe, akuti gulu lina linachita chinyengo. Amene anamva anayang'anizana, ena n'kuyang'ana pansi ngati ndi iwo alakwa. Mwamuna wina wa ku gulu loluza anafuula, "Dokotala wa mbewa!" Anzake anaseka, ndipo dzinalo linamumatirira kuyambira tsiku limenelo. Akutsika, anamva a Sarasamma akuuza mayi wa pambali pawo, osatsitsa n'komwe mawu:

"Ine ndinkadziwa kale. Zaka zonsezi pasukulu, pali chimene chinkavuta."

Amene anakamasula chinsalu cha nkhope yake chija anali bambo a Ambili, Lolemba masana dzuwa lili paliwombo, anthu ali pa siteji akudikira basi. Anabwereka makwerero kwa wometa tsitsi, anakwera okha ndi mawondo awo ovutawo. Wina atafuna kuwagwirira makwerero anamuuza kuti asavutike.

Ku labotale Ambili analowa mu ofesi ya a Pulofesa asanavale n'komwe khoti.

"Kalata ija sindinatumize."

"Unandiuza kuti sanayankhe."

"Ndinanama."

Anawauza zotsalazo. A Pulofesa sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi kumapeto kwa malaya.

"Nanenso ndinangoseka n'kupitiriza zanga. Ndikanaimba foni ndekha." Anamutembenuzira kompyuta yawo. "Tumiza pano, ine ndikuona."

Nyuzipepala inakonza nkhaniyo patatha masiku asanu ndi anayi, mizere inayi pa tsamba lachisanu ndi chitatu, pansi pa mitengo ya kokonati ndi labala pamsika. Palibe amene anaimba foni.

Za a Sulochana ankazimva kudzera kwa bambo ake, omwe nawonso ankazitola pa siteji. Anapita kuchipatala Lolemba lomwe lija. Anapatsidwa tsiku lina, sabata zitatu kutsogolo. Madokotala anachotsa bere lonse, ndi timwanabele ta m'khwapa, chifukwa tiwiri tinapezeka ndi matendawo.

Ambili anafufuza dzina la dokotala amene anachita opaleshoniyo, mayi wa imvi wotchedwa Dokotala Mariamma, n'kukamudikira pakhonde la chipatala. Anadzitchula dzina ndi kumene amagwira ntchito.

"Ndiwe uja wa m'nyuzipepala," anatero dokotalayo, osaima. "Za wodwala wanga sindingakuuze."

"Ndingofunsa wamba, adokotala. Munthu wa chotupa chotere, akachedwa miyezi iwiri ndi theka, zimasintha?"

Dokotalayo anaima, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwina akanangochotsa chotupa chokha, bere n'kutsala. Mwina m'khwapa munali mutafika kale mu Juni. Palibe angakuuze, ngakhale ine. Ukufuna ndikuuze kuti si iwe? Sindinganene. Kuti ndi iwe? Sindinganenenso. Pepa, ndili ndi anthu akundidikira."

Ambili anabwerera ku ntchito ndi "mwina" ameneyo. Anayamba chikutiro chatsopano cha timatumba tija, choterera kuti chiwindi chisatigwire msanga. Gulu loyamba linaundana n'kukhala phala pansi pa botolo. Lachiwiri linkamasuka lisanafike pa asidi. Mlendo akabwera kudzaona labotale n'kufunsa kuti ntchitoyi ili pati, Ambili ankayankha kuti ili pa mbewa ndipo sikuyenda, mpaka a Pulofesa anamuuza kuti asamawathamangitse alendo.

Mu Novembala bambo ake anamuuza kuti a Sulochana ayamba diripi, Lachinayi limodzi pa sabata zitatu zilizonse, pa chipatala chomwecho, mtunda wa mphindi khumi kuchokera ku labotale. Ulendo woyamba Ambili anafika pa geti n'kubwerera. Wachiwiri anafika pa masitepe. Wachitatu anakwera.

Anawapeza pa benchi la pakhonde, pakati pa anthu ambiri odikira nambala zawo. A Sulochana anali atamanga mpango kumutu, nsidze zitathothoka, nkhope itatupa. Mkono wakumanja unali m'sokosi yothina kuyambira pa dzanja mpaka paphewa. A Divakaran anali pambali pawo ndi fayilo pamiyendo. Atamuona Ambili anatembenukira kuwindo, n'kumayang'ana njiwa zili pa waya.

Ambili anaima patsogolo pawo. Mawu onse amene anakonza m'njira anathawa.

"Chechi."

A Sulochana anamuyang'ana, osamwetulira, osakwiya.

"Waonda. Bulauzi imeneyo wakusokera ndani? Yakhwefuka m'khwapa."

"Ndinagula yosokasoka."

"Zikuoneka."

Panadutsa namwino akukankha njinga ya odwala. Wina anaitana nambala makumi anayi ndi chimodzi. A Sulochana anayang'ana kapepala kawo, anali makumi asanu ndi zitatu.

"Chechi, ine ndinabwera kudzati..."

"Ndikudziwa chimene wabwerera. Lero ayi, ndilibe mphamvu zake. Ukayamba kulira iwe, ine ndiyambe kukutonthoza? Ndipo usandiyang'ane choncho ngati ndafa kale, anthu akuona." Anasuntha pang'ono pa benchipo, koma malo okhalapo munthu sanapezeke. "Ngati ukufuna kuchita kanthu, tsikira pansi ukandigulire tiyi. Wopanda shuga, shuga akundinyansa masiku ano. Uwauze asathire mkaka wambiri."

Ambili anatsika masitepe mothamanga, n'kuima pa mzere wa kantini kumbuyo kwa anthu khumi ndi awiri. Atafika kutsogolo anagula makapu awiri, imodzi yopanda shuga, ina ya shuga. Anakwera nawo pang'onopang'ono, akumuotcha zala.

A Sulochana analandira yawo ndi dzanja lamanzere, anauzira, n'kumwako pang'ono.

"Mkaka achulutsabe," anatero, koma anapitiriza kumwa.

Kapu inayo Ambili anaitambasulira kwa a Divakaran.

"Chetta."

Sanatembenuke. Ambili anaigwira choncho kanthawi, kenako anaiika pa benchi pambali pa fayilo yawo, n'kukaima potsamira khoma. Anaitana makumi anayi ndi ziwiri. Tiyi uja anayamba kuchita kakhungu pamwamba.